Kusankha Sukulu ya Ukachenjede ya Boma: Phunziro la Makolo ndi Ana Otsiriza Fomu 4

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'nyumba zambiri za mu mzinda wa Lilongwe mumabuka funso limodzi: kodi mwanayu apite kuti tsopano? Funsoli limveka m'nyumba za mipanda za ku Area 47, ndipo limvekanso m'nyumba za lendi za ku Mtandire ndi ku Mtsiriza, kumene kuchokera ambiri mwa alonda, ophika ndi osamala maluwa a m'mipandamo. Ana a mabanja onsewa adalemba mayeso amodzi, ndipo khomo limene ayenera kulowera ndi limodzinso. Khomolo lili pafupi ndithu, pakuti ku Area 47 komweko ndiko kuli ofesi ya bungwe la National Council for Higher Education, limene anthu alitchula mwachidule kuti NCHE. Bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2011, ndipo mwa ntchito zake zina, ndilo lilandira makalata a ofuna malo m'sukulu za ukachenjede za boma ndi kugwirizanitsa masankho a sukuluzo.

Pa nyengo imeneyi makolo ambiri apita kwa katekisiti kapena kwa mphunzitsi wa pafupi kukapempha nzeru, ndipo kawirikawiri funso lao likhala lakuti, "Kodi yunivesite yoposa zinzake ndi iti?" Funso lotere lisokeretsa. Munthu safunsa ngati khasu liposa nkhwangwa. Ayamba wadziwa ngati afuna kulima kapena kudula mtengo. Sukulu za ukachenjede za boma zilipo zisanu ndi imodzi, ndipo iliyonse idamangidwira ntchito yake. Funso loyenera ndi ili: mwana uyu, ndi mphatso zake ndiponso ndi m'mene wakhozera, ayenera maphunziro ati, nanga maphunzirowo apezeka kuti?

1. Maina akale ndi maina atsopano

Dziko la Malawi litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, boma lidakhazikitsa University of Malawi chaka chomwecho. Ophunzira oyamba, amene sadakwane ngakhale 100, adayamba maphunziro ao ku Chichiri mu Blantyre m'chaka cha 1965, ndipo mkulu woyamba woyendetsa sukuluyo adali Dr Ian Michael. Pang'ono ndi pang'ono yunivesiteyo idakhala ndi nthambi zingapo: Chancellor College, Polytechnic, Bunda College of Agriculture, Soche Hill College yophunzitsa aphunzitsi, ndi sukulu ya ntchito za boma ya ku Mpemba. M'chaka cha 1973 Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu Zomba, ndipo Soche Hill ndi Mpemba zidalowa m'menemo. Kamuzu College of Nursing idaonjezedwa m'chaka cha 1979, ndipo College of Medicine idatsegulidwa m'chaka cha 1991. Kwa zaka zopitirira 30 yunivesite ya boma idali imodzi yokhayi, ndipo makolo ambiri a lero adakulira m'nthawi imeneyo. Nchifukwa chake akali kunena za Chanco, Poly ndi Bunda ngati ana a mimba imodzi.

Koma zinthu zidasintha. Mzuzu University idakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1997, nilandira ophunzira oyamba m'chaka cha 1999. Bunda idachoka mu University of Malawi m'chaka cha 2012, nisanduka Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources. Malawi University of Science and Technology idatsegula makomo ake m'chaka cha 2014. Potsiriza, pa 4 Meyi 2021, nthambi zotsala za University of Malawi zidalekana: Chancellor College idasunga dzina lakale, Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Tsono lero sukulu iliyonse ili ndi akuluakulu ake, masiku ake otsegulira ndi otsekera, mtengo wake wa fizi ndi satifiketi yake. Kholo limene liganizabe kuti mwana akalowa ku Zomba angathe kungosinthira ku Blantyre monga asinthira kalasi, liyenera kudziwa kuti zimenezo ndi sukulu ziwiri zosiyana.

2. Sukulu iliyonse ndi ntchito yake

University of Malawi, kapena UNIMA. Ili ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Ndiyo sukulu ya maphunziro otambalala: uphunzitsi wa ku sekondale, malamulo, kayendetsedwe ka chuma, kayendetsedwe ka boma ndi ndale, mbiri, zilankhulo, filosofi, zisudzo ndi zojambula, ndiponso sayansi yeniyeni monga Masamu, Fizikisi, Kemisitiri, Bayoloje ndi za miyala ya pansi. Ambiri mwa oweruza milandu, maloya, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'maofesi a ku Capital Hill adadzera kumeneko. Ofuna uloya adziwe kuti kwa zaka zambiri khomo la maphunziro a malamulo lidali lotsegukira okhawo amene adayamba aphunzirako zina ku koleji. Kotero awerenge bwino chidziwitso cha chaka chao asanalembe. UNIMA iyenera mwana wokonda kuwerenga mabuku aatali, kulemba ndi kutsutsana ndi anzake mwa nzeru.

Malawi University of Business and Applied Sciences, kapena MUBAS. Ili ku Chichiri mu Blantyre, m'mbali mwa mseu wa Masauko Chipembere, pakati pa mzinda wa malonda ndi mafakitale. Kumeneko aphunzitsa uinjiniya wa misewu ndi milatho, wa magetsi, wa makina ndi wa migodi, kujambula mapulani a nyumba ndi kuwerengera mtengo wa zomangamanga, kuwerengera ndalama ndi kuyendetsa malonda, utolankhani, ukhondo wa m'midzi ndi m'mizinda, ndiponso uphunzitsi wa ntchito za manja. Maphunziro a uinjiniya atenga zaka zisanu, pamene madigiri ambiri atenga zinai. Mwana amene Masamu ndi Fizikisi zimvuta asalimbikire uinjiniya chifukwa cha kukoma kwa dzina, pakuti phunziro limene adalithawa ku sekondale akalipeza likumdikira tsiku lililonse.

Kamuzu University of Health Sciences, kapena KUHeS. Iyi ndi sukulu ya zaumoyo yokhayokha. Mbali yake yaikulu ili ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ina ili ku Kameza, ina mu Lilongwe pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, ndipo ophunzira apitanso ku Mangochi kukaphunzira zaumoyo wa anthu a m'midzi. Aphunzitsa udokotala, unamwino ndi uzamba, za mankhwala, za kupima magazi ndi zina za m'labotale, za kuongola ziwalo, ndipo kuyambira m'chaka cha 2019 adayambanso kuphunzitsa madokotala a mano. Udokotala utenga zaka zisanu ndi chimodzi pamodzi ndi chaka choyamba chokonzekera, ndipo pambuyo pake wophunzira agwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi akulu asanaloledwe kuima payekha. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Ndiponso ntchito yake ifuna munthu wosanyansidwa ndi mabala, wotha kuchezera usiku pambali pa wodwala amene sali mbale wake.

Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, kapena LUANAR. Kwa anthu a ku Lilongwe iyi ndiyo ya pakhomo. Likulu lake lili ku Bunda, mtunda wa makilomita ngati 30 kumwera kwa mzinda, cha ku Mitundu, ndipo nthambi ina ndi Natural Resources College cha ku Likuni. Achinyamata ambiri a m'tauni aipeputsa poganiza kuti kumeneko apita kukagwira khasu. Kunena zoona, aphunzitsa sayansi ya mbewu ndi nthaka, kuweta ziweto ndi nsomba, udokotala wa ziweto, uinjiniya wa ulimi wothirira ndi wa makina a ulimi, malonda ndi chuma cha ulimi, kadyedwe koyenera ndi kukonza zakudya, nkhalango ndi chilengedwe, ndiponso ulangizi. M'dziko limene anthu ochuluka adalira munda, ndipo ndalama zakunja zichokera kwambiri ku fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina, maphunziro otere sasowa pogwira.

Mzuzu University, kapena MZUNI. Ili ku Luwinga mu Mzuzu, pamalo pamene kale padali koleji ya aphunzitsi, ndipo uphunzitsi ukali msana wake. Komanso ili ndi maphunziro ena osapezeka wamba: kusamala alendo ndi kuyendetsa mahotela, kusunga mabuku ndi zolembedwa, kupima maso, mphamvu za dzuwa ndi mphepo, kuyeza ndi kuyang'anira malo, nkhalango, usodzi, madzi, unamwino ndi makompyuta. Mzuzu ndi kozizira ndi kwa mvula yambiri. Mwana wokulira ku Lilongwe atenge bulangete lolemera. Koma apindula kumeneko chinthu chimene kwao sakadachipeza, ndicho kukhala pakati pa anthu a zilankhulo zina ndi kudziwa chigawo china cha dziko lake.

Malawi University of Science and Technology, kapena MUST. Ili ku Ndata m'boma la Thyolo, kufupi ndi Goliati, ndipo idamangidwa ndi ngongole yochokera ku China pa nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Maphunziro ake ambiri ndi achilendo m'makutu a makolo: uinjiniya wa zosakaniza za m'mafakitale, wa zitsulo ndi wa zipangizo za m'chipatala; za nyengo; za miyala ndi chuma cha pansi pa nthaka; kuteteza makompyuta kwa akuba; za tizilombo toyambitsa matenda; kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ilinso ndi nthambi ya chikhalidwe, kumene aphunzira nyimbo za mu Africa ndi nzeru za makolo. Sukuluyi ili kumudzi, kutali ndi phokoso la tauni. Ena aona ichi ngati phindu, ena ngati vuto.

3. Pamene sukulu ziwiri ziphunzitsa zofanana

Apa ndi pamene banja lochenjera lipezera mwai, chifukwa ntchito imodzi ingathe kukhala ndi makomo awiri kapena atatu. Wofuna uphunzitsi aupeza ku UNIMA ndi ku MZUNI, ndiponso ku MUBAS ngati afuna kuphunzitsa ntchito za manja, kapena ku LUANAR ngati afuna kuphunzitsa ulimi. Wofuna unamwino aupeza ku KUHeS ndi ku MZUNI. Wofuna za makompyuta azipeza ku UNIMA, ku MUBAS, ku MUST ndi ku MZUNI. Nkhalango ndi nsomba zili ku LUANAR ndi ku MZUNI. Kuyeza malo kuli ku MUBAS ndi ku MZUNI.

Uinjiniya ufunika kuusiyanitsa bwino, pakuti mau amodziwa abisa ntchito zosiyana. Injiniya wa ku MUBAS kawirikawiri amanga mseu, mlatho kapena kuyendetsa magetsi. Wa ku MUST ayang'anira makina osandutsa nzimbe kukhala shuga kapena miyala kukhala simenti, kapena akonza makina ojambulira odwala. Wa ku LUANAR apatutsa madzi a mtsinje kuti afike m'minda. Onsewa ndi mainjiniya, onse afuna Masamu, koma mwana amene afuna kumanga milatho sadzakondwa pakati pa mapaipi a m'fakitale. Kotero dzina la digiri aliwerenge lonse kufikira kumapeto, ndipo afunse kuti omaliza maphunzirowo agwira ntchito yanji ndipo aigwira kuti.

4. M'mene masankho ayendera

Pa mayeso a MSCE phunziro lililonse lipatsidwa nambala kuyambira 1 kufikira 9. Nambala 1 ndi 2 ndi kukhoza kopambana. 3 kufikira 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 ndi kungokhoza. 9 ndi kulephera. Mapointi a mwana apezeka pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza koposa, kotero kuti mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza bwino, ndipo ochepetsetsa ndi 6. Kuti munthu aloledwe kupempha malo, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, ndipo Chingerezi chikhale pakati pao. Mwana wopanda kirediti ya Chingerezi, ngakhale akhoze Masamu motani, khomo silimtsegukira.

Koma makirediti asanu ndi imodzi angompatsa chilolezo cholowa mu mpikisano, sampatsa malo ai. Pali zinthu zitatu zimene mabanja ambiri sazimvetsa.

Choyamba, maphunziro aliwonse ali ndi zofunika zake. Udokotala ufuna Bayoloje, Kemisitiri, Fizikisi ndi Masamu. Uinjiniya ufuna Masamu ndi Fizikisi. Kuwerengera ndalama ndi za chuma zifuna Masamu. Osankha ayang'ana m'mene mwana adakhozera maphunziro ofunikawo, osati mapointi onse okha. Pa chifukwa ichi masankho enieni ayamba kale, mwana polowa Fomu 3, pamene asiya maphunziro ena ndi kutenga ena. M'mera mpoyamba: mnyamata amene asiya Kemisitiri chifukwa anzake aisiya, wadzitsekera yekha sukulu ya udokotala zaka ziwiri mayeso asanafike.

Chachiwiri, mwana sapikisana ndi onse olemba mayeso. Apikisana ndi okhawo amene asankha maphunziro amene iye wasankha. Malo a maphunziro aliwonse ndi owerengeka. Opempha aikidwa pa mzere monga mwa kukhoza kwao, ndipo malo akadzaza, otsala aganiziridwa pa zosankha zao zotsatira. Kotero mapointi amene akwanira pa maphunziro ena sakwanira pa ena, ndipo malire ake asuntha chaka ndi chaka malinga ndi m'mene ana akhozera.

Chachitatu, fomu ya NCHE ilola mwana kulemba zosankha zingapo motsatana, ndipo aliyense apatsidwa malo amodzi okha. Kale, pamene sukulu iliyonse inkasankha payokha, mwana mmodzi ankatha kuitanidwa kuwiri kapena kutatu, malo ena nakhala opanda munthu. Kugwirizanitsa masankho kudabwera pofuna kuthetsa zimenezo. Ndondomeko yakale yogawa malo potsata boma limene munthu achokera, imene anthu ankaitcha kota, idathetsedwa m'chaka cha 2020. Tsono dongosolo la zosankha pa fomu ndi chinthu chachikulu. Masiku ano fomuyi ilembedwa kudzera pa intaneti, ndipo ana ambiri ailemba mofulumira pa foni ya mnzao, tsiku lotsekera litayandikira, popanda wamkulu wowaunikira.

5. Chitsanzo

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Ku Area 47 kuli mnyamata amene wapeza mapointi 14: Chichewa 1, Mbiri 1, Chingerezi 2, Baibulo 2, Jogalafe 2, Masamu 6. Mlonda wa panyumbapo, amene akhala ku Mtandire, ali ndi mwana wamkazi amene wapezanso mapointi 14: Masamu 2, Fizikisi 2, Kemisitiri 2, Bayoloje 2, Chingerezi 3, Jogalafe 3. Pa chipata anthu ayamikira onse awiri mofanana, koma pamaso pa osankha anawa ndi osiyana kutali.

Bambo wa mnyamata uja aitana mwana wake pa khonde nati, "Mwana wanga, pa mtundu pathu palibe dokotala. Iweyo ukhale woyamba. Lemba udokotala, pambuyo pake za mankhwala, kenaka uinjiniya." Mnyamata ayankha mwaulemu, "Bambo, ndamva. Koma Masamu ndidapeza 6, ndipo Kemisitiri sindidalembe nkomwe." Bambo ati, "Mapointi 14 ndi abwino, akutenga basi." Mwana amvera, ndipo maina potuluka dzina lake palibe. Sadalephere mayeso, adagogoda pa makomo atatu amene analibe makiyi ake, nasiya makomo a zilankhulo, mbiri, uphunzitsi ndi utolankhani, kumene kukhoza kwake kukadamlankhulira. Chaka chatayika, ndipo mnyamata wanzeru ayamba kudziyesa wopanda pake.

Mtsikana uja apita ndi mai ake kwa mphunzitsi wake wakale wa Fizikisi. Mphunzitsi amfunsa chimene mtima wake ufuna, ndipo iye ati uinjiniya. Tsono mphunzitsi amlangiza kuti poyamba alembe chimene achilakalaka koposa, ngakhale chili cholimbirana. Pakati alembe uinjiniya wa ku sukulu ina, monga wa ulimi wothirira ku LUANAR. Ndipo potsiriza alembe maphunziro amene ali ndi malo ochulukirapo, monga uphunzitsi wa sayansi, amene angawachite ndi mtima wonse atapatsidwa. Mtsikanayu mwai wake ndi waukulu, chifukwa zosankha zake zonse zigwirizana ndi kukhoza kwake, ndipo sizili zonse za mpikisano woopsa.

Phunziro la chitsanzochi lili pawiri. Fomu yodzaza ndi maphunziro olimbirana okhaokha ndi msampha. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Komanso mwana asalembe kanthu kongodzazira mzere, pakuti chimene walemba potsiriza ndicho angapatsidwe, ndipo adzakhala nacho zaka zinai.

6. Mtunda ndi ndalama

Akuluakulu amene adaphunzira kale akumbukira masiku amene boma linkagoneka ophunzira, kuwadyetsa ndi kuwapatsa kandalama ka m'thumba. Masiku amenewo adapita. Lero wophunzira alipira fizi, adzigulira chakudya, ndipo popeza malo ogona pa sukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, ambiri achita lendi kunja, monga ku Chikanda mu Zomba kapena ku Luwinga mu Mzuzu. Banja liwerengere zinthu zisanu: fizi, nyumba, chakudya, ulendo, ndi zipangizo monga kompyuta ya m'manja, imene masiku ano ili ngati kope ndi cholembera.

Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 300, ku Zomba ndi pafupifupi 300, ndipo ku Ndata munthu apitirira Blantyre. Ulendo wotere uchitika kangapo pa chaka, osawerengera maliro ndi matenda. Ku Bunda kholo lingathe kutumiza thumba la ufa pa minibasi m'mawa, nilandira uthenga masana kuti lafika. Kwa mlonda wa ku Mtandire ichi ndi chinthu choyenera kuchiganizira. Komabe kufupika kwa njira kusakhale chifukwa chokankhira mwana ku maphunziro amene sawafuna.

Ovutika asataye mtima asanayese. M'chaka cha 2015 boma lidakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene likongoza ndalama ophunzira osowa. Wofuna thandizoli apempha payekha, ndi umboni wa umphawi wa banja lake, ndipo si onse opempha amene alandira. Iyi ndi ngongole, si mphatso ai. Wobweza atayamba ntchito ndiye atsegulira njira mng'ono wake.

7. Amene sadasankhidwe

Chaka chilichonse ana oyenera amene atsala achuluka kuposa amene atengedwa, chifukwa malo ndi ochepa. Kutsala sikutanthauza kuti njira yatha. Ena abwereza mayeso kuti akonze phunziro limodzi kapena awiri amene adawagwetsa. Ena alowa ku Domasi College of Education mu Zomba kapena ku Nalikule College of Education mu Lilongwe kukaphunzira uphunzitsi, ena ku Malawi College of Health Sciences, ena ku sukulu za ntchito za manja monga Lilongwe Technical College, Namitete ndi Salima. Amene atenga dipuloma nagwira ntchito zaka zingapo angathe kudzalowa ku yunivesite pa khomo la akuluakulu, ndipo sukulu zina, monga MZUNI ndi LUANAR, zili ndi maphunziro amene munthu achita ali kwao, napita ku sukulu pa nthawi zoikika.

Ziliponso sukulu za ukachenjede za mipingo ndi za anthu wamba. Banja lisanalipire kobiri, liyambe laona ngati sukuluyo, ndiponso maphunziro amene mwana afuna, zili pa mndandanda wa zovomerezeka umene NCHE ifalitsa. Pa ntchito zina, monga unamwino ndi udokotala, afunsenso ngati mabungwe oyang'anira ntchitozo, Nurses and Midwives Council of Malawi ndi Medical Council of Malawi, avomereza satifiketiyo. Safunsa adadya phula. Ndipo munthu aliyense wonena kuti angathe kupezera mwana malo m'sukulu ya boma atapatsidwa ndalama zapadera, ameneyo ndi wakuba.

8. Ntchito ya makolo ndi akatekisiti

Katekisiti safunika kudziwa zonse za sukulu zisanu ndi imodzizi. Chimene angathe kuchita ndi kusonkhanitsa anthu. M'parishi iliyonse ya mu Lilongwe muli anamwino, aphunzitsi, alangizi a ulimi, mainjiniya ndi owerengera ndalama amene adadzera m'sukuluzi; madzulo amodzi oti iwowa akhale pansi ndi ana a Fomu 2 ndi a Fomu 4 apindulitsa koposa malangizo a mphekesera. Aitanidwe ana a m'mipanda pamodzi ndi ana a antchito ao, pakuti kawirikawiri mwana wa mlonda ndiye alibe womuuza kuti fomu yatuluka ndi kuti itsekedwa liti.

Makolo nao akumbukire kuti amene adzakhala m'kalasi zaka zinai kapena zisanu ndi mwana. Kholo lili ndi udindo wolangiza, wochenjeza za ndalama ndi wofunsa mafunso ovuta, koma lisafune kukwaniritsa mwa mwana zimene ilo lidalakalaka pa ubwana wake. Asanadzaze fomu, kholo ndi mwana akhale pansi ndi pepala la zotsatira za mayeso kudzanja lina, ndi chidziwitso cha NCHE cha chaka chimenecho kudzanja linalo, nawerenge mzere ndi mzere.

Mafunso okambirana

1. Tchulani sukulu zisanu ndi imodzi za ukachenjede za boma, malo amene iliyonse ili, ndi dzina limene zina mwa izo zinkadziwika nalo kale.

2. Chifukwa chiyani ana awiri a mapointi ofanana angathe kusiyana mwai pa masankho?

3. Mwana wofuna unamwino, kapena uphunzitsi, kapena uinjiniya angaupeze ku sukulu ziti? Nanga uinjiniya wa ku MUBAS, wa ku MUST ndi wa ku LUANAR usiyana bwanji?

4. Kodi bambo wa m'chitsanzo chija adalakwitsa pati? Nanga mwana wake akadatani kuti amvedwe popanda kunyoza kholo lake?

5. Ndi zinthu ziti zimene banja liyenera kuwerengera pambali pa fizi?

6. M'parishi muno kapena mumphakati muno, ndi ana ati a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amene alibe wowalangiza, ndipo ndani adzawafikira fomu isanatsekedwe?